Mvula yafukula fupa m'chigwembe ku Karonga

Lusekelo: Moni nonse akuluakulu. Ndithandizeni nzeru. Mvula ya sabata yathayi yakulitsa chigwembe chomwe chili kuseri kwa munda wa amalume anga, kumtunda kwa msewu wa M1, kumwera kwa Karonga boma. Dzulo ndikubweza mbuzi ndinaona chinthu chitatulukira m'khoma la chigwembecho, cha m'chiuno mwangamu kuchokera pansi. Poyamba ndinkati ndi muzu wa mtengo. Nditachigwira ndinapeza kuti n'cholimba ngati mwala, koma maonekedwe ake ndi a fupa, chotambalala kumapeto ngati fupa la mwendo wa ng'ombe, kungoti kunenepa kwake kukuposa ntchafu yanga. Pomwe chabenthuka, mkati mwake muli timabowo ting'onoting'ono tothinana. Dothi lake ndi lofiirira, la mchenga wogwirana. Amalume akuti tichikumbe tikasunge kunyumba mvula ina isanachikokolole. Nditani?

NyaGondwe: Achimwene, chonde musakumbe! Awuzeni amalume ayike khasu pansi kaye. Jambulani zithunzi zambiri, zina pafupi, zina patali kuti chigwembe chonse chioneke, ndipo pambali pa fupalo ikani cholembera kapena machesi kuti woona chithunzi adziwe kukula kwake. Ngati foni yanu imasonyeza malo, sungani malowo. Fupa lotere likakhala m'nthaka limaoneka lolimba, koma mukangolinyamula limathetheka ngati chigumu chouma. Akatswiri amayamba alikuta ndi nsalu ndi pulasitala, ngati mwendo wothyoka kuchipatala, kenako n'kulinyamula pamodzi ndi dothi lake.

NyaGondwe: Chachiwiri n'chakuti fupa likachoka pamalo pake limakhala lataya theka la nkhani yake. Dothi lomwe lagonamo ndi lomwe limatiuza zaka zake. Ndipo komwe kuli fupa limodzi, nthawi zina anzake ali mkati mwa khomalo.

Chikondi wa ku Joni: Eee, zimenezi si za dinosaur uja ali ku myuziyamu ya ku Karonga? Ine ndinamuona ndili Folomu 3 titapita ndi sukulu. Khosi lake lalitali ngati mlongoti, tonse tinangoti kukamwa yasa. Mpaka lero sindimamvetsa kuti chinyama chotere chinkayenda pomwe anthu akulima chinangwa.

Aphunzitsi Banda: Chikondi mwana wanga, wakumbukira bwino. Dzina lake ndi Malawisaurus dixeyi. Mafupa ake oyamba anapezeka m'zaka za m'ma 1920, nthawi ya atsamunda, ndipo mu 1928 katswiri wina dzina lake Sidney Haughton anawalemba m'mabuku a sayansi. Dzina loti dixeyi likuchokera kwa Frank Dixey, yemwe anali woona za miyala ndi nthaka m'boma la Nyasaland. Kenako nkhaniyo inagona zaka zambiri mpaka pomwe Louis Jacobs wa ku Dallas ndi anzake a dipatimenti yathu yoona za zinthu zakale anabwerera kukakumba ku Mwakasyunguti, m'boma la Karonga, m'ma 1980 ndi kumayambiriro kwa m'ma 1990. Mu 1993 ndi pomwe anamupatsa dzina la dziko lathu. Ankadya masamba, kutalika kwake kuchokera kumutu kufika kumchira kunkaposa mamita 10, ndipo anakhalako zaka zoposa 100 miliyoni zapitazo. Chomwe chimamutchukitsa kunja n'chakuti zidutswa za chigaza chake zinapezeka. Zinyama za mtundu wake zinali ndi timitu ting'onoting'ono, tosachedwa kuphwanyika, ndiye kupeza mutu n'chinthu chosowa kwambiri.

Koma chomwe ndinkakonda kuuza ana anga m'kalasi, makamaka atsikana, n'chakuti mmodzi mwa akatswiri akuluakulu a mafupa amenewa ndi mayi wa kuno kwathu, Dr. Elizabeth Gomani Chindebvu. Iwowa ndi amene mu 1997 anafotokoza za kang'ona kakang'ono ka nthawi yomweyo, Malawisuchus mwakasyungutiensis, kosafika ngakhale mita imodzi, kokhala ndi mano otafunira ngati a nyama zoyamwitsa. Mu 2005 anatchulanso dinosaur wina, Karongasaurus. Taonani mayinawo: Malawi, Karonga, Mwakasyunguti. Ali m'mabuku a dziko lonse lapansi, koma funsani ana khumi a sekondale, ndi angati angakutchulireni?

Lusekelo: Aphunzitsi, ndiye langali lingakhale la Malawisaurus?

NyaGondwe: Zitha kutheka, koma tisafulumire. Dothi lofiirira la mchenga wogwirana likugwirizana ndi lomwe mafupa a dinosaur amapezekamo. Timabowo mwanenato nawonso ndi chizindikiro chabwino, chifukwa mtengo wosanduka mwala umakhala ndi mizere yotsata utali wake, osati timabowo. Koma ku Karonga kuli dothi la mibadwo yosiyana losanjikizana. Pamwamba pa la dinosaur pali lina lotuwa lomwe amalitcha Chiwondo Beds, la zaka pakati pa 4 miliyoni ndi 2 miliyoni kapena kucheperako, ndipo mmenemo mumapezeka mafupa a mvuu, njovu zakale, ng'ona ndi nguluwe. Fupa la mwendo wa njovu yakale nalonso ndi lalikulu. Lililonse mwa awiriwa ndi lofunika.

Abusa Phiri: Ana anga, ndikufunsa ndi mtima woyera, osati kufuna mkangano. Zaka mamiliyoni zimenezi mumaziwerenga bwanji? Fupa silikhala ndi chiphaso cha kubadwa. Anthu kumpingo amandifunsa ndipo ndimafuna ndiziwayankha zoona za mmene asayansi amachitira, kaya munthu avomereze kaya akane.

NyaGondwe: Funso labwino, abusa. Njira ndi zingapo. Yodalirika kwambiri ndi ya phulusa la mapiri ophulika. M'phulusamo muli timiyala tokhala ndi potassium, yemwe amasanduka mpweya wa argon pang'onopang'ono pa liwiro lodziwika, losasintha. Mukayeza kuchuluka kwa ziwirizi mumadziwa kuti phulusalo linagwa liti. Fupa lomwe lili pansi pa phulusalo ndi lakale kuposa phulusalo, la pamwamba ndi latsopano. Vuto n'lakuti dothi la Chiwondo lilibe phulusa lokwanira, ndiye anagwiritsa ntchito mano a nguluwe. Nguluwe zakale mano awo akumapeto ankatalika ndi kusintha maonekedwe m'kupita kwa mibadwo, ndipo ku Ethiopia ndi ku Kenya kusinthako kunayezedwa kale ndi phulusa. Ndiye ukapeza dzino la nguluwe ku Karonga, umaliyerekeza ndi a kumeneko.

Umu ndi mmene anadziwira zaka za nsagwada ya munthu wakale kwambiri ya ku Uraha, pafupi ndi Chilumba. Inapezeka mu 1991 ndi gulu la Friedemann Schrenk ndi Timothy Bromage, ndipo amene anaiona ndi maso ake anali Mmalawi wa m'gulumo. Amaitcha UR 501, ya mtundu wa Homo rudolfensis, ya zaka pafupifupi 2.4 miliyoni, imodzi mwa zakale kwambiri za mtundu wa Homo, womwe ife anthu tilimo. Ku Malema kunapezekanso chidutswa cha nsagwada ya Paranthropus boisei, wachibale wina wa anthu akale, wa mano akuluakulu ngati mphero.

Abusa Phiri: Zikomo mwana wanga. Sindinena kuti zonse zakhazikika mumtima mwanga, koma tsopano ndadziwa kuti samangolota manambalawa. Za mano a nguluwezo ndazisunga.

Che Saidi: Ine chomwe chikundizunguza ndi ichi: bwanji zonsezi ku Karonga kokhakokha? Kuno ku Mangochi tikamakumba zitsime timangopeza mchenga ndi zigoba za nkhono.

Aphunzitsi Banda: Yankho lili m'nyanja yomwe mumaweza usipa, Che Saidi. Dziko lathu lakhala pamng'alu waukulu wa kum'mawa kwa Africa. Nthaka ikung'ambika, mbali ziwiri zikutalikirana ndi mamilimita ochepa pa chaka, pang'onopang'ono kuposa mmene chikhadabo chimakulira. Pakati pakumira, ndipo madzi anadzaza pomwe panamirapo. N'chifukwa chake nyanja yathu imazama mamita pafupifupi 700 cha kumpoto kwa Nkhata Bay, moti pansi pake n'potsika kuposa nyanja yamchere. Kumpoto, mng'alu waukulu uli tsidya la Tanzania, pomwe mapiri a Livingstone amagwera m'madzi ngati khoma. Mbali ya Karonga nthaka inapendekeka ndi kuthyokathyoka, zidutswa zina zinakwera, ndiye dothi lakale lomwe likanakhala pansi kwambiri linabwera pamwamba. Mvula n'kumalizitsa ntchitoyo. Mukamatsika chitunda cha Chiweta muli pa miyala yakale kuposanso ya dinosaur, ya zaka zoposa 250 miliyoni, momwe muli malasha a ku Mchenga ndi mafupa a zinyama zomwe zinakhalako dinosaur asanabwere. Pomwepo pali kasupe wa madzi otentha, chizindikiro choti mng'aluwo sunagone.

Lusekelo: Kuti sunagone ife a kuno sitichita kuuzidwa. Disembala 2009 ndinali wamng'ono koma ndikukumbuka. Chivomerezi chinayamba pa 6, n'kumabwerezabwereza, chachikulu n'kubwera usiku wa pa 19. Tinagona panja masabata angapo mvula ikugwa, amayi atamanga pepala la pulasitiki pamtengo wa mango, chifukwa aliyense ankaopa kulowa m'nyumba. Khoma la khitchini yathu linang'ambika kuyambira pazenera mpaka pansi, moti dzanja linkalowa. M'madambo ena nthaka inang'aluka n'kutulutsa mchenga ndi madzi. Agogo anga ankati dziko likutembenuka mbali ngati munthu wogona.

Aphunzitsi Banda: Cha pa 19 chija chinafika 6.0 pa sikelo yoyezera zivomerezi, ndipo anthu anayi anamwalira m'zivomerezi zimenezo. Cha ku Salima cha pa 10 Malichi 1989 chinapha anthu 9, masauzande n'kusowa pokhala. Ine chomwe chimandiwawa n'chakuti tikumangabe nyumba za njerwa zomata ndi dothi, zopanda lamba wa simenti pamwamba pa mazenera, ngati kuti zimenezi zinali nthano.

Mai a Tadala: Pepani ndilowererepo. Inu mukukondwera kuti mvula yafukula fupa, koma ine mawu oti chigwembe ndikawamva mtima umagunda. Ndimakhala ku Chilobwe. Pa 13 Malichi 2023, namondwe Freddy atakhuthula mvula masiku angapo osaleka, phiri la Soche linatsika. Phokoso lake linali ngati malole ambiri akutsitsa miyala nthawi imodzi. Miyala ina yaikulu ngati chipinda ili pomwepo mpaka lero, pakati pa pomwe panali nyumba za anthu. Mnzanga yemwe tinkagulitsa naye tomato sanapezeke. Munda wa amalume a Lusekelo ukudyedwa ndi chigwembe chimenecho, ndipo chaka chamawa chidzadya mizere ina. Fupa lipita ku myuziyamu, nanga mundawo?

NyaGondwe: Amayi, pepani kwambiri. Mwanena zoona ndipo sindingakutsutseni. Madzi omwe amafukula mafupa ndi omwewo amatenga minda. Pali kafukufuku wina yemwe amalumikiza ziwirizi, ndipo anachitikira ku Karonga komweko.

Mu 2005 asayansi anaboola pansi pa nyanja ya Malawi ali pachombo, n'kutulutsa matope a mamita pafupifupi 380 kuya kwake, osanjikizana ngati masamba a buku, osunga mbiri ya zaka zoposa miliyoni imodzi. M'matopemo anapeza kuti zaka zoposa 100,000 zapitazo kunagwa zilala zoopsa, moti nyanja inaphwa ndi mamita mazana angapo, madzi ambiri n'kutha. Muli mungu wa zomera, womwe umasonyeza mitengo yomwe inalipo, muli timakala, tomwe timasonyeza moto. Kale konse, mvula ikabwerera ndipo nyanja ikadzadza, nkhalango zowirira nazo zinkabwerera. Koma zaka pafupifupi 85,000 zapitazo mvula inabwerera, nyanja inadzadza, nkhalango sizinabwerere ngati kale, ndipo makala anachuluka. Jessica Thompson wa ku Yale ndi anzake, omwe anakumba zipangizo zamiyala zambirimbiri ku Karonga, analemba mu 2021 kuti anthu ndi amene ankatentha tchire. Nthaka itakhala pambalambanda, mvula inakokolola dothi kuchokera kumapiri n'kuliunjika m'zigwa, ndipo dothi limenelo ndi lomwe linakwirira zipangizo zawozo. Ndi umodzi mwa maumboni akale kwambiri padziko lonse wosonyeza anthu akusintha dziko ndi moto.

Chikondi wa ku Joni: Ndiye ngati makolo ankatentha zaka 85,000 zapitazo ndipo dziko lilipobe, bwanji lero mnyamata akayatsa tchire posaka mbewa timamuyesa chigawenga? Lupsa ndi chikhalidwe chathu. Msipu watsopano umaphuka, ng'ombe zimadya.

Mphatso wa ku Likhubula: Achimwene Chikondi, bwerani mudzakwere nane phiri la Mulanje mu Okutobala, mudzaone. Ine ndakhala ndikunyamula katundu wa alendo ndi kuwaperekeza kuyambira ndili mnyamata. Moto wa mu Juni, udzu usanaumitsitse, umangodutsa pansi, mitengo imapulumuka. Moto wa mu Okutobala umakwera mpaka kunsonga, umapsereza ndi nthaka yomwe. Makolo amenewo analipo ochepa, lero tikuposa 20 miliyoni, ndipo malo amodzimodzi akupsa chaka ndi chaka. Mkungudza wa ku Mulanje, mtengo wa fuko lathu, womwe mwachilengedwe sumera kwina kulikonse padziko lapansi, mu 2017 atawerenga anapeza mitengo ikuluikulu 7 yokha. Macheka anadya, moto n'kumaliza. Ndili mwana, ukamayandikira ku Chambe fungo la mkungudza linkakulandira usanaione mitengoyo. Lero ndimaonetsa alendo zitsa. Mbande zabzalidwa zambirimbiri, a Mulanje Mountain Conservation Trust pamodzi ndi anthu a m'midzi yozungulira, ine ndemwe ndinasenzako timachubu pamutu kukwera nato. Koma kamtengo ka zaka zitatu, kofika m'bondo, moto umodzi wa munthu wosaka nyama umakapha m'mphindi imodzi.

Chikondi wa ku Joni: Ndamva achimwene. Za kusiyana kwa moto wa Juni ndi wa Okutobala sindinaziganizire. Koma ndinenebe kuti mnyamata wa mbewa uja si amene anatsitsa matabwa a mkungudza pa malole.

Mphatso wa ku Likhubula: Pamenepo tagwirizana. Onyamula matabwa pamutu ankalandira zochepa, ndalama zenizeni zinkapita kutauni. Mu Julayi 2025 UNESCO inaika phiri la Mulanje pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse, kukhala lachitatu kuno kwathu pambuyo pa Lake Malawi National Park mu 1984 ndi zojambula za pamiyala za ku Chongoni mu 2006. Analilemba chifukwa cha chikhalidwe, kuti kwa Amang'anja, Ayao ndi Alhomwe ndi phiri la mizimu. Ndinasangalala, komabe chikalata sichizimitsa moto. Ozimitsa ndi anthu olambula njira zotchinga moto mwezi wa Meyi, ndipo amafunika kulipidwa.

Mai a Tadala: A Mphatso, ndiye mukuti mitengo ikanakhalapo pa Soche anthu aja akanapulumuka?

NyaGondwe: Ndiyankheko mosamala, amayi, chifukwa nkhaniyi ndi ya miyoyo. Mizu imagwira dothi la pamwamba ndipo masamba amachepetsa liwiro la madzi, ndiye phiri lometedwa limagumuka msanga. Koma mapiri ngati Soche, Michesi ndi Mulanje ndi mwala wolimba wokutidwa ndi dothi lochepa. Mvula ikagwa masiku atatu anayi osaleka, madzi amalowa n'kufika pamwalapo, dothi lonse limatereka, ndipo nthawi zina limatsika ndi mitengo yomwe. Napolo wa ku Zomba wa mu Disembala 1946 anatsika mitengo ilipo yambiri. Wa ku Phalombe wa mu Malichi 1991, wochokera m'phiri la Michesi, anapha anthu mazana. Makolo ponena kuti Napolo ali ndi njira yake yochokera kuphiri kupita kunyanja ankanena chinthu chomwe asayansi amavomereza: matope amatsata makwalala omwe anadutsamo kale. Mukaona miyala ikuluikulu yobulungira ili mbwee m'munsi mwa phiri, dziwani kuti sinamere pamenepo, inabwera ndi matope. Pamalo otero sipoyenera kumangapo nyumba, mitengo ibzalidwe kapena isabzalidwe.

Mai a Tadala: Miyala yotero inalipo kale kuseri kwa nyumba zathu, ana ankasewerapo, ife tinkayanikapo zovala. Palibe anatiuza kuti ikutanthauza chiyani. Ndipo anthu ena abwereranso pomwepo, chifukwa lendi kwina sangaikwanitse.

Aphunzitsi Banda: Ndi zimene ndimadandaula. Ndaphunzitsa jogalafe zaka zoposa makumi atatu, ana akuloweza mayina a mitsinje ya ku Ulaya, koma sitinawatulutse panja kukawaonetsa mwala wa kuseri kwa sukulu n'kuwafunsa kuti unafika bwanji pamenepo. Phunziro limenelo silifuna labotale, limafuna mphunzitsi ndi miyendo.

Che Saidi: Tibwerere kwa Lusekelo, dzuwa likupendeka. Ine mantha anga ndi anthu ogula. Kuno kunyanja tawaona ofuna miyala yonyezimira, akangomva mphekesera mawa lake afika. Wina akabwera ndi ndalama amalume akana?

Aphunzitsi Banda: Lamulo la Monuments and Relics Act limateteza zinthu zotere. Si za mwini munda kuti agulitse, ndipo kuzitulutsa kunja popanda chilolezo ndi mlandu. Lusekelo, yamba kwa amfumu, kuti mudzi udziwe ndipo pasakhale wokumba usiku. Kenako pita ndi zithunzizo ku Cultural and Museum Centre ku Karonga boma, ija inatsegulidwa mu 2004. Iwo amadziwana ndi a dipatimenti ya Museums and Monuments. Ulembetse dzina lako ndi la amalume ngati opeza. Malo enieniwo usawalembe pano kapena pa Facebook.

NyaGondwe: Ndipo musalithire madzi pofuna kulitsuka, musalipake chilichonse. Tizidutswa tomwe tagwa pansi titoleni, mutikulunge m'pepala lofewa, mulembe tsiku ndi pomwe munatitola. Muyang'anenso m'munsi mwa chigwembe momwe madzi amathera, mwina muli tina.

Lusekelo: Ndabwerako tsopano. Amalume avomera kusakumba, ngakhale akuti akatswiriwo akabwera awathandizenso maganizo a chigwembechi, chifukwa chadya kale mizere isanu ya chinangwa. Amfumu ndawapeza, abwera okha kudzaona, ndipo anena kuti ali anyamata ankaona mafupa otere kumtunda akudyetsa ng'ombe, ankawatcha mafupa a zimphona. M'munsi mwa chigwembe ndatola tizidutswa tinayi, kamodzi kali ngati msana wa nsomba koma kakukulu ngati chibakera changa. Pamwamba pa khomalo takumba kangalande kopatutsa madzi ndipo tatchinga ndi minga kuti mbuzi zisapondepo.

Mai a Tadala: Mwachita bwino mwana wanga. Kumutu kwa chigwembeko mubzale vetiva ndi nsungwi mvula isanathe, musadikire akatswiri.

NyaGondwe: Kachidutswa kangati msanako kajambuleni mbali zonse, pamwamba, pansi ndi m'mbali, munditumizire kumbali. Ngati mbali imodzi ili yolowa ngati mbale ndipo inayo yotukuka ngati mpira, kangakhale ka msana wa dinosaur, ndipo aphunzitsi anga a za mafupa akale afuna kukaona usiku uno womwe.

Lusekelo: Ili choncho ndithu achemwali, mbali imodzi yolowa, ina yotukuka. Ndikutumiza netiweki ikangobwera bwino. Mawa ndikwera minibasi yoyamba kupita kuboma. Kumapiri kwayambanso kuda, tikuthamanga ndi amalume kukaphimba ndi lona.